Anati ndichepetse mafuta, lero ndagwetsa amuna anga kubafa

Aphungu,

Kalatayi ndailemba ndili chikwiyire, ndiye mukapezamo mawu olasa mundikhululukire. Ndine mayi wa zaka 46, ntchito yanga ndi ya utelala. Makina anga ali pakhonde la sitolo ya nsalu, pafupi ndi pokwerera basi, ndipo pampando umenewo ndakhalapo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Mpandowo ndi umene unandinenepetsa, mothandizana ndi tiyi wa masupuni atatu a shuga komanso zokazinga za mayi amene amagulitsa pafupi nane. Izi ndikuvomera, sindikukana.

Amuna anga anali mmisiri womanga nyumba. Chaka chatha anagwidwa ndi sitiroko ali kuntchito, mbali yonse ya kumanja n'kufa, mkono, mwendo ndi pakamwa pomwe. Amamva zonse, mutu uli bwinobwino, koma mawu amatuluka movutikira, limodzilimodzi. Chitulukireni m'chipatala ndine ndimawadzutsa pabedi, kuwakhazika pachikuku, kupita nawo kubafa, kuwasambitsa ndi kuwabweza. Ana athu awiri ali kutali, wina kusukulu, wina kubanja. Masana ndikakhala kumakina amawayang'anira mayi woyandikana nafe, koma zonyamula zonse ndi zanga. Ndipo ndinkakwanitsa. Thupi lija anthu ankaliseka, lija makondakitala ankati "amayi, inu ndi mipando iwiri," ndi limene linkanyamula bambo wamkulu kawiri pa tsiku osagwedezeka.

Miyezi isanu yapitayo ndinapita kuchipatala chifukwa mutu unkandiwawa chakumbuyoku. Anandiyeza n'kupeza kuti BP yakwera, shuga naye akuti ali pakhomo, ndipo sikelo inaonetsa makilo 94. Namwino wake anali wachangu, pamzere panali anthu ambiri. Anandipatsa mapilisi a BP n'kunena mawu ochepa, maso ali papepala: "Mayi, chepetsani mafuta." Ndimati ndifunse, koma anali ataitana kale wotsatira.

Ine ndi munthu womvera. Nditafika kunyumba, botolo la mafuta ophikira ndinakapereka kwa oyandikana nafe aja. Kenako ndinakhala pansi n'kuganizira konse kumene mafuta amabisala. Nyama ili ndi mafuta, ndinasiya. Mkaka uli ndi mafuta, ndinasiya. Mtedza ndiye ndi umene amayengera mafuta enieniwo. Nsomba ukaiwotcha imadontha. Mazira ndinamva kuti ndiwo oipitsitsa. Nyemba zilibe mafuta, koma zimandidzaza m'mimba, ndiye ndinkaona ngati zikundikulitsa. Ndinatsala ndi kabichi wowiritsa, tomato, kachidutswa ka buledi ndi madzi otentha a mandimu. Mwana wanga wamkazi anandiseka pafoni, amvekere, "Amayi, ndiye odzola aja musiyenso." Ndikuuzeni zoona, ndinatsala pang'ono.

Apa m'pamene analowerera alamu anga, achemwali awo a amuna anga. Iwowa amagulitsa tiyi wina wa m'mapaketi obiriwira, ojambulidwa mtsikana wa chiuno ngati cha mavu. Anati tiyiyo amasungunula mafuta. Chimene ndinaona ine n'chakuti amathamangitsira munthu kuchimbudzi. Panali masiku ndinkasiya kasitomala ali chiimire, manja ali m'mwamba, ndisanamalize kumuyeza. Nditadandaula, alamuwo anati, "Ndiye kuti akugwira ntchito, mlamu, mafutawo akutuluka." Anandiuzanso kuti ndisiye kukwera basi, ndiziyenda wapansi m'mimba mulibe kanthu. Ndinatero, ola limodzi kupita, ola limodzi kubwera.

Pasitolo ya mankhwala pafupi ndi kuntchito pali sikelo, ndipo Loweruka lililonse ndinkakwerapo. Inachoka pa 94 kufika pa 89, kenako 84, mpaka 78. Alamu anandijambula n'kuika chithunzicho pafoni pawo, pambali pa chithunzi changa chakale cha ku ukwati wa mwana wanga, china alemba "asanamwe," china "atamwa," osandipempha n'komwe. Anthu ena ankandiyamikira, ena ankanong'onezana kuti ndikudwala, koma ine sindinalabadire. Madiresi anga onse ndinabweza ndekha, ndipo ndinkanyadira.

Koma panali zina zimene sindinkauza munthu. Makina anga ndi opalasa ndi mapazi, ndipo pofika masana miyendo inkanjenjemera. Sizasi yaikulu yodulira nsalu zokhuthala inayamba kundilemera. Ndikadzuka pampando msanga, m'maso munkada. Tsitsi linkatsalira m'chipeso. Chodabwitsa, mimba ija sinachoke kwenikweni. Zimene zinaphwa ndi mikono, ntchafu ndi matako. Ndinkadziuza kuti thupi likuzolowera.

Lachiwiri la sabata yatha m'mawa ndinawasambitsa bambo monga mwa masiku onse. Bafa lathu ndi laling'ono, chikuku sichilowa, chimathera pakhomo. Ndiye ndimawakumbatira m'khwapa, kuwadzutsa pakampando ka pulasitiki, n'kutembenuka nawo mapazi awiri kufika pachikuku. Ndachita zimenezi kambirimbiri. Tsiku limenelo ndinawadzutsa bwinobwino, koma potembenuka mawondo anga analobodoka, tonse n'kugwa. Iwo anamenyetsa chipumi pafelemu ya chitseko, pamwamba pa diso n'kung'ambika, moti kuchipatala anakawasoka. Chimene sichikundichoka m'mutu si magaziwo ayi. Ndinalephera kuwadzutsa. Ndinayesa katatu. Bambo amene anamanga nyumba za anthu anagona pasimenti yonyowa ali chosavala, mpaka ndinakaitana mwamuna wa oyandikana nafe kudzawanyamula, ine nditawafunditsa thaulo. Sanalire, anangoyang'ana kukhoma. Chigwereni ndikuwapukutira pabedi ndi beseni, ndipo mwamuna wa eni akeyo ndi amene amadzawakhazika pachikuku asanapite kuntchito kwake.

Madzulo a tsiku lomwelo abale awo anadzaza pabalaza pathu. Amene analankhula kwambiri ndi alamu omwe aja a tiyi, ndipo mawu awo ndawasunga onse. "Mlongo wangayu mwatopa naye. Munthu wodwazika matenda amapeza kuti nthawi yokonza chiuno? Mukukonzera ndani?" Achimwene awo aakulu anawonjezera kuti, "Mlamu, ngati zakukanikani nenani, timutenge m'bale wathu." Sanadikire kuti ndinene. Anagwirizana kuti kumapeto kwa mwezi uno adzabwera ndi galimoto kudzawatenga, akakhale kwa alamu a tiyiwo. Ine ndinali pomwepo, bambo anali pomwepo pachikuku ndi bandeji pachipumi, koma palibe amene anafunsa aliyense wa ife.

Aphungu, anthu amenewa chaka chonsechi sanagwirepo ngakhale thaulo. Amabwera Lamlungu ndi nthochi, kukhala pasofa, kupukusa mitu mwachisoni, kumwa tiyi wanga n'kumapita. Lero ndi iwo akudziwa kusamala wodwala? Ndipo mayi amene anandigulitsa mankhwala otsegula m'mimba, amene chithunzi changa chidakali pafoni pake kuitanira makasitomala, ndi yemweyo akundifunsa pamaso pa anthu kuti chiuno ndikukonzera ndani. Ine ndi mkwiyo wangawo ndinangolowa kukhitchini.

Namwino uja nayenso ndamukwiyira. Ndinachita zimene ananena, ndinachita mopitirira, ndipo malipiro ake ndi amenewa. Ndikanakhala wosamva, ndikanapitiriza kudya zokazinga zanga, bambo sakanagwa ndipo palibe akanabwera kudzandizenga mlandu m'nyumba mwanga momwe.

Koma chimene chikundipweteka kuposa zonse ndi bambo eni ake. M'mawa uliwonse ndimawawiritsira mazira awiri, monga anatilangizira a mafizo, achipatala olimbitsa ziwalo za odwala. Kale ankamaliza onse. Chigwereni amadya limodzi, linalo amalikankha ndi mbale yomwe, ndi dzanja lawo lamoyo lija, kulichotsa patsogolo pawo mpaka mbaleyo idzagunde kapu yanga ya madzi a mandimu. Ndikaibweza amakankhanso, nkhope itakwinyika, akung'ung'udza mawu amene sindikuwamva. Ndaona kuti nawonso andikwiyira, chakudya cha m'manja mwanga sakuchifunanso. Mwina akufuna kupita kwa achemwali awo. Zaka makumi awiri ndi zisanu za ukwati, lero tikukankhirana mbale. Dziralo limathera kwa galu wa oyandikana nafe.

Ndiye ndithandizeni. Ndibwerere ku shuga ndi zokazinga kuti ndinenepenso, ndipeze mphamvu zanga, BP ikafuna kundipha indiphe? Kapena ndipitirize kuonda, anthu anditengere amuna anga ndikuona? Kodi palibe njira yochotsera mafuta popanda kuchotsa ndi munthu yemwe? Kwatsala masabata atatu.

Ndine,
E. K., telala wa pakhonde la sitolo ya nsalu.


Mayi E. K.,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo kachiwiriko ndinakwiya kuposa inu. Koma mkwiyowu tiugawe bwino, aliyense alandire gawo lake. Inunso muli ndi kagawo kanu, musathawe.

Tiyambe ndi mawu akuti mafuta. Chichewa chathu chinaumira pa mawu amenewa. A m'botolo ndi mafuta, odzola ndi mafuta, a galimoto ndi mafuta, a pamimba panu ndi mafutanso. Namwino ankanena a pamimbawo. Analakwa kukuponyerani mawu awiri ngati akuponyera nkhuku chimanga, pamene inu mukupita kukasintha moyo wanu wonse chifukwa cha mawuwo. Mzere utalike bwanji, mphindi imodzi yofotokozera inalipo. Koma inunso, safunsa anadya phula. Miyezi isanu m'maso mukuda, tsitsi likuthothoka, miyendo ikunjenjemera, simunabwerere kukafunsa. Munakhulupirira sikelo ndi alamu.

Inu ndinu telala. Kasitomala akabwera ndi diresi kuti mumubwezere m'chiuno, kodi mumadula manja, kudula kolala, kuchotsa ndi zipi yomwe, kenako n'kuliika pasikelo kuti aone mmene lapepukira? Ndi zimene mwachita ndi thupi lanu. Sikelo sidziwa kusiyanitsa, imayeza mafuta, minofu, mafupa ndi madzi pamodzi. Pa makilo 16 amene mwataya, ena ndi mafuta ndithu, koma gawo losachepa ndi minofu ndi madzi. Thupi likamanidwa chakudya, makamaka chomanga thupi, limayamba kudya minofu yake yomwe, ndipo zonse zimene munasiyazo, mazira, nsomba, nyama, mkaka, nyemba ndi mtedza, ndizo zimasunga minofuyo. Amene ankanyamula amuna anu si mafuta aja. Inali minofu ya m'ntchafu, m'matako ndi kumsana imene inali pansi pa mafutawo, imene inalimba chifukwa cha kupalasa makina ndi kunyamula komweko. Choncho funso lanu ndi lopotoka mbali zonse ziwiri. Shuga ndi zokazinga zidzakubwezerani mimba, osati mphamvu. Kupitiriza njala nako kudzakugwetsani nokha, opanda munthu m'manja. Njira yachitatu imene mukufunsayo ilipo, koma ndi yoyenda pang'onopang'ono.

Lero lomwe, tiyi wa alamu mukamutaye m'chimbudzi, kumene wakhala akukutumizaniko. Sungani paketi imodzi yokha yokaonetsa kuchipatala. Tiyi wotsegula m'mimba sasungunula mafuta, amangokhetsa madzi ndi mchere wa m'thupi, ndipo kwa munthu amene akumwa mapilisi a BP ndi woopsa. Sabata ino bwererani kuchipatala, mukawauze za chizungulire, za makilo amene mwataya ndi zimene mwakhala mukudya. Akuyezeninso BP, shuga, magazi ndi impso. N'kutheka kuti mlingo wa mapilisi umene unkakuyenerani pa makilo 94 tsopano ukukuchulukirani, koma musasinthe nokha ndipo musasiye nokha. Ulendo uno musatuluke m'chipindamo musanamvetse. Akaitana wotsatira, inu khalanibe pampando.

Tsopano mbale yanu. Muzidya katatu pa tsiku, ndipo nthawi iliyonse pakhale chomanga thupi: mazira awiri, kapena nsomba, nkhuku kapena nyama yokula ngati chikhatho chanu, kapena kapu yodzaza ya nyemba, nandolo kapena soya. Mkaka ubwerere. Mtedza wodzaza dzanja limodzi masana udzakuthandizani kuti musayang'ane kwa mayi wa zokazinga. Theka la mbale likhale ndiwo zamasamba, ndipo chokhutitsa monga mpunga, mbatata kapena buledi chikule ngati chibakera chanu, osati phiri ngati kale, komanso osati kusoweratu ngati pano. Botolo la mafuta ophikira lija kaitanitseni, supuni imodzi m'ndiwo si imene inakukwezerani BP. Adani anu enieni munawatchula nokha koyambirira kwa kalata: masupuni atatu a shuga, zokazinga ndi mpando. Onjezanipo zakumwa zotsekemera za m'mabotolo ndi mchere wambiri. Nyemba zikamakudzazani m'mimba, muziyamba mwaziviika m'madzi maola angapo, madziwo n'kutaya, ndipo muyambe ndi zochepa. Kuchipatala akapeza vuto la impso, mlingo wa zomanga thupi adzakuuzani ndi iwo, ndipo mawu awo apose anga.

Koma minofu sibwera ndi chakudya chokha, imafuna ntchito. Kuyenda maola awiri m'mimba mulibe kanthu kuja kuthe. Theka la ola mutadya n'lokwanira, mbali inayo kwerani basi, makondakitala apeze wina womunena. Achipatala akakulolani, katatu pa sabata, modumphitsa tsiku, muzipatsa minofu yanu cholemera. Mpando umene unakunenepetsaniwo ulipire mlandu wake: imani osagwira kanthu, khalaninso pang'onopang'ono, kakhumi, pumani, n'kubwereza katatu. Poyamba mwina muthera pa kasanu, palibe kanthu. Tebulo lodulirapo nsalu, ngati ndi lolimba, gwirani m'mphepete mwake, bwererani m'mbuyo pang'ono, muzitsitsa chifuwa n'kudzikankha ndi mikono. Kunyumba tengani zigubu ziwiri za malita asanu, muyambe zili ndi madzi theka, muziyenda nazo kupita ndi kubwera pabwalo msana uli chilili. Pozitola pansi pindani mawondo, osati msana. Zikayamba kupepuka onjezani madzi. Musamasunge mpweya m'chifuwa ponyamula chifukwa zimakweza BP, muziutulutsa pamene mukudzuka. M'maso mukada, siyani, khalani pansi. Ndipo muzigona mokwanira, minofu imamangika munthu akapuma.

Sikelo ya pasitolo ya mankhwala muileke kaye miyezi iwiri. Mukasiya tiyi uja n'kuyamba kudya ngati munthu, idzakwera ndi kilo imodzi kapena awiri, ndipo mudzachita mantha pachabe, chifukwa ambiri mwa makilo amenewo ndi madzi amene thupi linkasowa. Chida choposa sikelo mumakhala nacho m'khosi tsiku lonse. Tengani tepi yanu, muzidziyeza pamchombo ndi pantchafu kamodzi pa masabata awiri, n'kulemba m'buku la miyezo ngati kasitomala wina aliyense. Pansi pake muzilemba kuti mwadzuka pampando kangati. Tikufuna pamchombo pazitsika pang'onopang'ono, ntchafu iime kapena ikwere, ndipo kudzukako kuzichuluka. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi.

Tsopano zowawa. Masabata atatu sangabweze zimene zapita m'miyezi isanu. Mudzayamba kumva kusintha, koma mphamvu zonyamula munthu wamkulu zidzatenga miyezi iwiri kapena itatu. Ndiye pakadali pano musawanyamule nokha bambo, ngakhale mtima ukuuzeni kuti muwaonetse abale aja. Kugwa kwachiwiri kukhoza kuthyola chiuno chawo kapena msana wanu, ndipo pamenepo galimoto idzatenga anthu awiri. Kunena zoona, ngakhale pa makilo 94 paja munkayendera mwayi. Munthu wamkulu wonyowa, pasimenti yoterera, sakokedwa m'khwapa ndi munthu mmodzi. Pitani kwa a mafizo akuphunzitseni kanyamulidwe koyenera, kogwiritsa ntchito mwendo wawo wamoyo ndi lamba wa m'chiuno, kuti nawonso azithandiza kudzidzutsa. Bafalo likufunika chogwirira pakhoma ndi chopondera cha labala chosaterera. Munthu amene anamanga nyumba za anthu ali ndi anzake amisiri oti akhoza kukhoma chitsulo pakhoma m'mawa umodzi, mwinanso kukulitsa khomo kuti chikuku chizilowa. Apempheni, ambiri mwa iwo akungosowa poyambira.

Abale aja musadikire kuti abwere ndi galimoto. Aitaneni inuyo, sabata ino, ana anu akhale pafoni. Musakangane nawo za chiuno. Muwaikire patebulo pepala la masiku asanu ndi awiri, m'mawa ndi madzulo, n'kuwauza kuti kwa miyezi itatu pakufunika munthu wachiwiri posambitsa, aliyense alembe dzina pa tsiku lake. Mutu umodzi susenza denga, ndipo inu mwalisenza chaka chathunthu iwo akudya nthochi zawo zomwe anabweretsa. Amene ali ndi mphamvu zodzatenga munthu ndi galimoto ali nazonso zodzamugwira mkono Lachitatu m'mawa. Pepala limenelo lidzakuonetsani amene amakonda m'bale wawo ndi amene amakonda kulankhula. Mizere ikatsala yopanda dzina, ana anu athandize kupeza munthu wodzagwira nanu, chifukwa mwamuna wa oyandikana nanu uja naye ali ndi msana umodzi.

Alamu a tiyi muwauze zinthu ziwiri, mwaulemu koma pamaso pa onse. Achotse chithunzi chanu, ndipo amve zimene achipatala anena za paketi ija asanagulitse kwa mayi wina. Funso lawo loti chiuno mukukonzera ndani ndi lonyansa, ndipo munthu amene anakugulitsani yekha chokonzeracho alibe pakamwa pofunsira. Siliyenera yankho. Koma ngati mukufuna kuwayankha, yankho ndi ili: munkakonzera mlongo wawo yemweyo, kuti BP isakutengeni n'kumusiya yekha pabedi.

Chimene chandikwiyitsa kwambiri pa msonkhano uja ndi china. Amuna anu si sofa yoti anthu agwirizane kuti ikakhale kunyumba iti. Mwanena nokha kuti mutu uli bwinobwino. Afunsidwe pamaso pa onse kumene akufuna kukhala, ndipo onse adikire yankho, ngakhale litatenga mphindi zisanu kuti lituluke, ngakhale litakhala logwedeza mutu kapena loloza ndi chala.

Koma inunso simunawafunse. Mwawaweruza ndi dzira. Ine sindinakhalepo patebulo panu, ndiye ndikhoza kulakwitsa, koma werenganinso zimene mwalemba. Munthu wokana chakudya amatembenuza nkhope, kapena amakankhira mbale kumbali. Sadya limodzi n'kusiya linzake tsiku ndi tsiku. Mbale imeneyi ikuyenda njira imodzi m'mawa uliwonse, ndipo imakaima pa kapu yanu. Bambowo anali m'manja mwanu pamene mawondo anu ankalobodoka, anamva m'thupi mwawo kuti akazi awo atha. Miyezi isanu akhala akukuonani mukumwa madzi a mandimu iwo akudya, ndipo ndikuganiza kuti anazindikira kale zimene namwino sanafotokoze, zimene ine ndatha tsamba lonse kufotokoza. Ali ndi dzanja limodzi ndi mawu ochepa, ndipo akugwiritsa ntchito zonsezo. Amene wamanga minofu m'masiku amenewa ndi galu wa oyandikana nanu.

Mawa wiritsani mazira anayi, awiri awo, awiri anu, mukhale moyang'anana. Akakankhabe mbale, chenjezo langa ndi ili: musaibwezenso. Tengani dziralo, mulisende, mulidye iwo akuona mpaka lithe.

Aphungu